Chithunzi chotambalala cha HDR: Lightroom kapena Hugin?

Dzuwa likamalowa kunyanja, kumwamba kumawala kwambiri pamene miyala ili bii. Njira yojambulira malo otere n'kujambula mbali iliyonse katatu, chithunzi chakuda, chapakati ndi chowala, kenako n'kulumikiza zonsezo kuti zikhale chithunzi chimodzi chotambalala cha HDR, kutanthauza chooneka bwino powala ndi pamdima pomwe.

Pulogalamu ya pakompyuta ya Lightroom Classic, kuyambira mu 2018, imagwira ntchito yonseyi kamodzi n'kukupatsani fayilo ya chithunzi ya mtundu wa DNG yoti mupitirize kukonza. Imafulumira, koma mumalipira mwezi ndi mwezi.

Pulogalamu ya Hugin ndi yaulere, koma imafuna kuleza mtima. Pomwe zithunzi zakana kugwirizana, mumaika nokha timadontho tozilumikizira, ndipo masiku oyamba imatopetsa ndithu. Ine ndimaikondabe, chifukwa malekezero a madzi akapindika ndimawawongola ndekha mpaka mtima utakhala pansi. Mafunde okha ndiwo amavutitsa mapulogalamu onse awiri, poti sayima pamene mukujambula katatu kaja.