Mapiritsi owonjezera magazi kwa amene akumwa TLD, mankhwala olimbana ndi HIV (ma ARV)

Mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulphate ophatikiza ndi folic acid ndi otsika mtengo, ndipo amagwiradi ntchito ngati magazi achepa chifukwa chosowa ayironi. Musanagule, kayezetseni kaye Hb (kuchuluka kwa magazi m'thupi). Ngati chomwe chikutsitsa magazi ndi zidovudine (mtundu wina wa ma ARV) kapena malungo, mapiritsiwa paokha sangathetse vutolo.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa TLD. Ayironi amamatirira dolutegravir (mankhwala amodzi mwa omwe ali mu TLD) m'mimba, mankhwalawo osalowa mokwanira m'thupi, kachilombo n'kuyambanso kuchulukana. Mukamwa TLD, padutse maola 2 musanamwe ayironi. Mukayamba ndi ayironi, dikirani maola 6. Kumwera pamodzi n'kotheka pokhapokha mukudya chakudya.

Mapiritsi a ayironiwa musamwere tiyi, amatchinga ayironi, bola madzi. Chimbudzi chimada bii, musadabwe, ndipo ena amadzimbidwa.