Miyezi isanu ndi inayi ndikuphunzira za mtima pa foni

Maphunzirowa ndinawayamba mu June, chisanu cha ku Dedza chili pachimake. Chomwe ndinkafuna ndi mapointi a CPD (maphunziro opitiriza a ogwira ntchito zachipatala) omwe a Medical Council of Malawi amafuna tikamakonzanso chiphaso cha ntchito. Ndi mavidiyo a pa intaneti, ophunzitsa ake madokotala a mtima a ku Ulaya, ndipo mutu uliwonse umatha ndi mafunso. Pano ndi March, ndikupitirizabe ngakhale mapointi ndinakwanitsa kalekale.

Chomwe chasintha ntchito yanga ndi ECG, pepala losonyeza mmene mtima ukugundira. Kale pepalalo likatuluka ndinkathamangira mawu omwe makina alemba pamwamba. Tsopano ndimayamba ndekha: liwiro, kenako ngati mtima ukugunda mwadongosolo, kenako zigawo za mzere wa papepalapo zotchedwa P, QRS ndi ST. Agogo ena anabwera miyendo yotupa, kugunda kwa pamkono kuli kosokonekera. Papepala P sankaoneka n'komwe. Ndinazindikira atrial fibrillation, kugunda kosokonekera komwe kungaundanitse magazi mumtima, ndipo ndinaganizira za sitiroko m'malo mongowapatsa furosemide wochotsa madzi m'thupi n'kuwauza kuti azipita.

Mitu ya stent, kachubu kotsegula mtsempha wa mtima wotsekeka, ndi yambiri, ndipo poyamba inkandiwawa mtima. Malangizo a European Society of Cardiology amati mtsempha wa mtima ukatsekeka utsegulidwe ndi PCI (kulowetsamo kabaluni ndi stent) pasanathe mphindi 120, apo ayi wodwala apatsidwe mankhwala osungunula magazi oundana. Kuno kulibe chipinda chochitira zimenezo. Wodwala wochokera kumudzi amafika tsiku litapita, ndipo chomwe ndili nacho pafupi ndi aspirin 300 mg wotafuna ndi kalata yopita ku Kamuzu Central. 

Komabe mutu umodzi wa mbali imeneyi wandithandiza kwambiri, wa valavu ya mitral, khomo lina la mkati mwa mtima, yomwe yachepa chifukwa cha rheumatic heart disease. Awa ndiye matenda athu, oyamba ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali mwana. Mayi wina anabwera ndi mtsikana wake. "Adokotala, akagona chagada amabanika, kumadzi sapitanso." Nditamvetsera pachifuwa ndinamva phokoso lija lomwe ndinali nditalimva kambirimbiri pa foni. Ndinawajambulira papepala khomo lopanikizika, n'kuwafotokozera kuti kwa ena limatambasulidwa ndi kabaluni kodutsa mumtsempha wa pantchafu, osang'amba chifuwa, koma ayambe aunikidwa ndi echo, sikani ya mtima, ku Lilongwe. Ndinawauzanso kuti jakisoni wa benzathine penicillin wa milungu inayi iliyonse asadumphe ngakhale kamodzi. Chiyambireni sanaphonye.

Chomwe ndimadandaula n'choti matendawa anawapatsa malo ochepa, monganso kufooka kwa mtima kwa amayi ongobereka kumene, komwe timakuona ku wodi. Ophunzitsawo amalankhulanso ngati aliyense ali ndi zoyezera magazi za troponin ndi INR pafupi.

Kwa anzanga ma clinical officer ndi anamwino a ku kiliniki ya BP ndi shuga, yambani ndi ECG ndi kufooka kwa mtima, za stent mudzazione pambuyo. Ine mwezi uno ndalowa mutu wa echo.