Khola la nsomba loyandama ndi dimba lake: labho, koma samalani ndi chingwe

Amene mumakhala malo osefukira ngati ife kuno kuchigwa cha Shire ndipo mukuganiza zogula khola la nsomba loyandama lija akupanga anyamata ena, lobwera ndi bedi la masamba pambali, ndati ndikuuzeni mmene landiyendera ineyo dzinja lathali. Ndi chinthu chabwino ndithu koma si chongogula n'kuponya m'madzi ayi.

Chomwe amakupangirani ndi felemu ya nsungwi yomangirira pa madiramu apulasitiki abuluu aja, pakati pamalendewera neti yokhala ngati bokosi ndipo pamwamba amaikaponso neti ina kuopa mbalame. Bedi la masamba amapangira konko kwanu, amasanja nsungwi kenako n'kuunjika namasupuni mulu waukulu, kupondaponda, kuunjikanso, mpaka munthu kuima pamwamba osamira. Mumadikira kuti pamwamba pawole kaye ndi pomwe mumadzala. Nzeru imeneyi ndi yochokera ku Bangladesh, alimi a ku Gopalganj, Barisal ndi Pirojpur akhala akulima chonchi kuyambira kalekale poti minda yawo imakhala m'madzi miyezi yambiri pachaka, mpaka bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO mu 2015 linaika ulimiwu pa mndandanda wa njira zaulimi zamakolo zofunika padziko lonse. Iwo amadzalapo therere, nkhaka, mphonda, bonongwe, nde madzi akaphwa bedi lowolalo amalimwaza m'munda ngati manyowa.

Chimene ndinagulira ine ndi nsomba. Aliyense amene anali ndi damu lokumba pansi nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 akudziwa ululu wake, madzi akadutsa pamwamba pa damu nsomba zonse zimapita, mumatsala ndi matope ndi mchenga basi. Khola ili madzi akakwera nalo limakwera, nsomba zili momo. Pathamanda pomwe ndinaliika madzi anakwera mpaka kumiza chimanga cha m'mbali koma makumba anga sanapite, ndipo mmawa ndimapalasa bwato kukathyola bonongwe ndi mpiru pa bedi pamene dimba la kumtunda lili pansi pa madzi. Masamba ake obiriwira bwino, osathirira olo tsiku limodzi, feteleza osaika, ukakanda ndi chala pansi pa mbewuyo namasupuni wasanduka dothi lakuda lofewa lofunda. Therere linachitanso bwino. Tomato yekha sanachite, chinyontho chinachuluka anagwidwa ndi chiwawu.

Tsopano zondidandaulitsa. Chingwe chomwe anandipatsa chomangira kumtunda ndi chaching'ono kwambiri, cha nayiloni chowonda, ndipo chinayamba kulyolyoka pomwe chimakhuzana ndi nsungwi madzi asanafike n'pachimake pomwe. Ndinagula china chachikulu ndekha n'kuwonjezera miyala m'matumba ngati nangula. Nditawauza anandiyankha mwaulemu ndithu koma sanabwere kudzaona, zomwe sizinandisangalatse chifukwa chingwe chikaduka mwataya zonse, khola, nsomba, dimba, ndalama. Ndipo olo chingwe chikhale cholimba bwanji musayerekeze kuliika pamadzi othamanga, Shire kapena Ruo ikakwiya imanyamula mitengo ikuluikulu, nsungwi sizingapirire. Izi n'za pathamanda kapena dambo pomwe madzi amakwera modekha.

Chinanso chomwe sanandifotokozere, bedi lisagundane ndi khola. Iwo anazimanga moyandikana kwambiri kuti zizioneka bwino, koma namasupuni akamawola amadya mpweya wa m'madzi, nde m'mamawa kusanache bwino ndimapeza nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa kufuna mpweya. Titakankhira bedi patali pang'ono kuti madzi azidutsa pakati vutolo linatha. Alangizi a zansomba amadziwa zimenezi, afunseni musanayambe, komanso akuuzani za chilolezo ngati mukuika pamadzi a anthu onse. Amfumu nawo muwadziwitse, asodzi amaponya maukonde pomwepo.

Ndalama zenizeni zimathera pa chakudya abale. M'damu nsomba zimatola zina zachilengedwe mukathira manyowa, koma m'khola zimadalira inuyo. Gaga yekha sizikula msanga ndipo wambiri amangodutsa m'mabowo a neti kukadyetsa nsomba za panja. Chakudya choyandama chija chogula ndi chomwe chimagwira ntchito koma mtengo wake ndi wowawa, ine ndimasakaniza gaga ndi soya wokazinga wogaya n'kuumba timibulu, n'kumaika m'thireyi yomangirira mkati. Mbewu ya nsomba anyamata opanga khola aja sagulitsa, mumafuna nokha, ndipo ndinganene kuti tengani makumba kapena chilunguni kwa anthu odziwika, chilunguni ubwino wake chimadyanso masamba nde zotsala za pa bedi zimalowa momwemo. Neti muziichapa pafupipafupi ndi bulashi, ndere zikatseka mabowo madzi sasinthana. Muziyang'ananso ngati yabooka, ng'azi ndi akatumbu amaiyesa usiku, ndipo kuno nkhani ya ng'ona ndi mvuu si yocheza, ana asamapite okha kukathyola ndiwo.

Pa namasupuni ndikupempheni, gwiritsani ntchito pokhapo pomwe alipo kale. Chomerachi chinachokera ku South America ndipo mukudziwa mmene chimavutitsira pa Shire, chimafika mpaka kumakina a magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Osanyamula kukaika padamu loyera chifukwa cha dimba, kumeneko mapesi ndi udzu pa nsungwi ndi zigubu zitha kugwira ntchito.

Ndingagulenso? Eya, makamaka bedi ndiwonjezera lachiwiri poti ndaona mmene amapangira ndipo masamba nthawi ya madzi osefukira amasowa pamsika, amagulidwa msanga. Khola ndikhala ndi limodzi lomweli kaye mpaka ndione ngati nsomba zibweze ndalama ya chakudya. Mukamagula muwauze asinthe chingwe musanalipire.