Ma pickup akale a gitala ya besi: Fender, Gibson, DiMarzio kapena a ku Japan?

Anzanga angapo amene akumanga magitala a besi ndi zipangizo zotola apa ndi apo, thunthu logula kwina, khosi lochotsa pa gitala ina yowonongeka, akhala akundifunsa ngati pickup yakale (kachipangizo ka maginito ndi waya kamene kamatola kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku ampulifaya) ili yoyeneradi ndalama zimene ogulitsa amatchula, komanso mmene munthu angadziwire kuti imene akumuonetsayo ndi yeniyeni. Ndiyerekeza mitundu inayi imene imapezeka kawirikawiri pa misika ya pa intaneti monga Reverb ndi eBay, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti mtima wanga uli ndi mbali pa nkhaniyi.

Ndiyambe ndi Fender, pakuti ndiko kumathera ndalama za anthu ambiri. Gitala yawo ya Precision Bass inatuluka mu 1951 ili ndi pickup ya koyilo imodzi (koyilo ndi mkulungo wa waya woonda), ndipo mu 1957 ndi pamene inalandira pickup ya zigawo ziwiri ija, chigawo china pansi pa nsambo ziwiri zokhuthala, china pansi pa ziwiri zowonda. Zigawozi anazikulunga motsutsana ndipo maginito ake ndi osiyana mbali, n'chifukwa chake sizing'ung'uza pafupi ndi magetsi. Kampani ya CBS inagula Fender mu 1965, ndipo chaka chimenechi ndi chimene chimagawa mitengo pawiri. Pickup ya Precision yopangidwa chisanafike chakachi, ngati sinakhudzidwepo, imatha kufika kapena kupitirira madola 1,000, pamene ya m'zaka za m'ma 1970 imatsika kwambiri ngakhale kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni: maginito achitsulo a mtundu wa alnico 5, waya woonda wa saizi ya 42 AWG ndi bobini (chimango chogwira koyilo) ya fayiba.

Kuzindikira kumayamba mukaitembenuza. Zakale kwambiri zili ndi bobini yakuda pansi, ndipo kuyambira cha m'ma 1964 pansipo panayamba kukhala potuwa, pamene ogwira ntchito ankalembapo tsiku ndi pensulo kapena cholembera, kenaka m'zaka zotsatira n'kumadindapo manambala. Mawaya awiri otuluka anali okutidwa ndi nsalu mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenako anayamba kukutidwa ndi pulasitiki. Mukaiyeza ndi mita, Precision yabwinobwino imawerenga pakati pa 10k ndi 11.5k (k ndi ma ohm 1,000, muyezo wa mmene waya amakanira magetsi), koma nambalayi imakwera pang'ono kukatentha, choncho kusiyana kochepa kusakudetseni nkhawa.

Zizindikiro zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimanena za waya wa mkati, ndipo apa ndi pamene pali dandaulo langa. Pa ma pickup akale a Fender waya anaukulunga mwachindunji pa maginito enieniwo. Thukuta la woyimba likalowa m'timipata ta pamwamba kwa zaka zambiri, maginito amachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kudya waya wa mkatikati mwa koyilo, pamalo pamene diso silifika. Pickup yotere simafa mwakachetechete ayi. Imapitiriza kulira, koma ndi mawu owonda, opanda pansi, ndipo mukatsitsa batani la toni mawuwo amazimiririka pafupifupi onse. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kuchotsa waya wonse wakale ndi kukulunga wina. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka ndipo alipo amisiri amene amaigwira bwino, koma pickup yokulungidwanso mtengo wake umagwa, nthawi zambiri mpaka theka, pakuti chimene osonkhanitsa zinthu zakale amalipirira ndi waya woyambawo.

Wogulitsa wina wa kunja ananditumizira pickup ya Precision ya pansi potuwa, atalemba momveka bwino kuti palibe amene anaigwirapo chiitulukireni m'fakitale. Zithunzi zake zinaonetsa pansi pokhapokha, manambala odindidwa ndi mita yowerenga bwino. Itafika, ndinachotsa zivundikiro zakuda zija ndipo ndinapeza kuti koyilo ya chigawo chimodzi inali ndi waya wofiirira moderako, monga mmene waya wa enamelo wa nthawi imeneyo umaonekera, pamene ya chigawo chinacho inali yowala ngati kopa watsopano. Pa timabowo tiwiri pamene waya woonda umakumana ndi mawaya otuluka, mtovu womatira mawaya wa mbali imodzi unali wotuwa ndi ukalamba, wa mbali inayo ukunyezimira, ndipo phula limene anaviikamo koyiloyo linali loyera mbee, lopanda fumbi ngakhale pang'ono. Munthuyo ankadziwa zimene anachita, chifukwa palibe amene amajambula mbali zonse za katundu n'kuiwala mbali imodzi yokhayo imene ili ndi chilema.

Chimene chinandipweteka koposa sichinali chinyengocho chokha, koma ndalama zimene sizibwerera. Amene timaitanitsa katundu kuchokera kuno kwathu timalipira mtengo wa chinthucho ndi ndalama zakunja zosowa kale, kuwonjezapo zotumizira, kenako msonkho wa pa kasitomu umene amauwerengera pa mtengo wolembedwa pa phukusi. Wogulitsa atavomera kubweza ndalama, anati nditumize kaye katunduyo pa ndalama zanga, ndipo msonkho umene ndinali nditalipira pa mtengo wa chinthu chosakhudzidwa sukanabwezedwa ndi aliyense. Munthu wa ku Ohio akanyengedwa motere amataya masiku ochepa. Wa ku Zomba amataya gawo lalikulu la ndalama za gitala yonse. Pa chifukwa ichi ndimati aliyense wofuna Fender yakale apemphe chithunzi cha makoyilo onse awiri zivundikiro zitachotsedwa, chithunzi cha mtovu chojambulidwa pafupi, ndiponso muyezo wa chigawo chilichonse pachokha, chimene chiyenera kukhala pafupi ndi theka la nambala yonse. Wogulitsa wokana zimenezi musamunyengerere. Dziwaninso kuti makampani ena, monga Seymour Duncan ndi mtundu wawo wa Antiquity, amapanga ma pickup atsopano okalambitsidwa dala ndipo amanena poyera kuti ndi atsopano, koma akadutsa m'manja angapo nkhani yake imatha kusintha.

Ma pickup a Jazz Bass, gitala ina ya Fender ya ma pickup awiri imene inayamba mu 1960, ali ndi mavuto omwewa kuwirikiza kawiri, kuphatikizapo lina lakelake. Ya ku khosi ndi yaifupi pang'ono kusiyana ndi ya kumunsi, ndipo ziwirizi ziyenera kukhala zotsutsana maginito ndi kakulungidwe kuti phokoso lithe zikatsegulidwa pamodzi. Kampasi wamba imakuuzani zimenezi msanga: singano iyenera kutembenuka mukaichotsa pa ina kupita pa inzake. Iliyonse imawerenga cha pa 7k kapena 8k. Ogulitsa ena amaphatikiza ziwiri zochokera pa magitala osiyana n'kuzitchula kuti ndi banja limodzi.

Za Gibson sindichulukitsa mawu. Pickup yaikulu ya pa magitala awo a EB-0 ya 1959 ndi EB-3 ya 1961, imene oyimba anaipatsa dzina lakuti mudbucker, imawerenga cha pa 30k ndipo n'zovuta kuisokoneza ndi ina iliyonse. Mawu ake ndi akuya, olemera, ndipo Jack Bruce anawatchukitsa ndi gulu la Cream, koma nsambo zake sizimveka padera pa ampulifaya yaing'ono, ndipo kuti ilowe pa thunthu la mtundu wa Fender muyenera kugoba dzenje lalikulu limene simudzathanso kulibisa. Ndi ya munthu amene akufuna mawu amenewo basi.

A ku Japan a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makamaka a Maxon amene ankaikidwa pa magitala a Greco ndi Ibanez, ndi otsika mtengo ndipo ambiri amalira bwino. Ena ali ndi manambala odindidwa pansi osonyeza nthawi imene anapangidwa. Chofunika kusamala nacho ndi kukula kwake, pakuti anthu a kumeneko ankayeza ndi mamilimita ndipo zivundikiro zake sizimalowa nthawi zonse m'mabowo odulidwa pa muyezo wa ku America. Yezani musanalipire.

Imene ndimaikhulupirira ndi DiMarzio Model P, imene inayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene oyimba ambiri ankachotsa ma pickup a Fender n'kuikapo yamphamvu kuposa. Imadziwika ndi mtundu wake wa kirimu ndi timasikuluwu ta pamwamba tosintha ndi kiyi ya Allen, ndipo imawerenga cha pa 11.5k. Maginito ake ndi a ceramic, ali pansi pa koyilo, ndipo waya wake ndi wokulungidwa pa bobini ya pulasitiki, choncho matenda a dzimbiri lodya waya aja saigwira kawirikawiri, chinthu chofunika kwambiri kwa woyimba m'malo otentha ndi achinyontho monga Mangochi kapena Nkhata Bay. Timasikuluwu tija timathandizanso pa gitala yolumikiza, pamene khosi ndi thunthu sizinabadwire limodzi ndipo nsambo ina imamveka kuposa zinzake. Mumangokweza kapena kutsitsa pansi pa nsambo imeneyo. Imalowa m'dzenje la Precision popanda kugoba kalikonse.

Chimene chimandikhazika mtima pansi kwambiri n'chakuti kampaniyo ikuipangabe mpaka lero, ndiye palibe angakukwezereni mtengo mopitirira chifukwa cha zaka zake, ndipo phindu lonamizira ukalamba wake ndi lochepa. Zofanizira zake zilipo, za mtundu wa kirimu womwewo ndi timasikuluwu tomweto, zina zochokera ku Japan, choncho pemphani chithunzi cha pansi pake ndipo muyerekeze ndi zithunzi za zenizeni. Zofooka zake sindizibisa. Imalira mwamphamvu, mawu apakati ndi ochuluka, ndipo ngati mukufuna kufewa kwa Precision ya 1962 imene James Jamerson ankayimba ku Motown, Model P siikupatsani zimenezo ngakhale mutaikapo nsambo zosalala. Koma m'bandi ya tchalitchi kapena ya pa ukwati, pamene kiyibodi ndi ng'oma zikulimbirana malo, besi yanu imamveka.

Pa kuwerengera mtengo, musayang'ane zimene ogulitsa akupempha, koma zimene zinagulidwadi, pakuti Reverb ndi eBay onse amaonetsa mitengo ya katundu wogulitsidwa kale. Kumbukiraninso kuti pickup ya Fender ya chisanafike 1965 imakhala ndi mtengo wake wonse ikabwerera pa gitala ya chaka chomwecho, ndipo pa thunthu latsopano mwangolipirira mbiri imene omvera sadzaimva. Amene mtima wake uli pa mawu a alnico agule ya m'ma 1970 imene wogulitsa wanena yekha kuti inakulungidwanso, pa mtengo wa yokulungidwanso, aiphatikize ndi mapoti (tizipangizo ta kuseri kwa mabatani a voliyumu ndi toni) a 250k monga mmene Fender ankachitira. Anzanga ena onse ndimawatumiza kwa Model P.