A ku Cuba, a ku Nicaragua kapena a ku Dominican: ma cigar ati oti muitanitse ngati mumakhala ku Mzuzu

Alamu anga akamanyamuka ku Joni mwezi wa Disembala amandiimbira nkundifunsa kuti alamu ulendo uno ndikutengereni ma cigar ati, ndipo zaka zoyamba ndinkangoti a ku Cuba basi, poti ndi omwe aliyense amatchula. Pano yankho langa linasintha, nde ndati ndifotokoze bwinobwino mmene ndikuonera mitundu itatu yomwe ndakhala ndikusuta, makamaka kwa inu anzanga okhala kuno komwe zovala zimatha masiku atatu pa chingwe osauma.

Ine fodya ndinakulira momwemo, kwathu ndi ku Kasungu. Bambo anga ankatidzutsa mmamawa mame asanakamuke kuti tikatsitse fodya mu chigafa tsamba likadali lofewa, chifukwa dzuwa likangokwera limaphwanyika mmanja. Ankaligwira, kulikoka pang'ono, kulinunkhiza, nkudziwiratu kuti ili lipita mu belo iti. Koma bale wathu uja timagulitsa ku okushoni kuno ku Mzuzu, ku Chinkhoma, ku Kanengo ndi ku Limbe amakathera mu ndudu za mmapaketi. Fodya wa cigar ndi wina, akauma amamuunjika milu ikuluikulu kuti atenthe yekha nkutulutsa ukali, amamutembenuza, kenako amamusunga miyezi kapena zaka. Mulibe pepala mulibe fyuluta, ndi masamba okhaokha: a mkati aatali opindidwa ndi manja, lina lowamanga, ndi tsamba losalala lokutira kunja. A mkatiwo amasakaniza, la pamwamba pa mtengo lomwe amati ligero ndi lamphamvu ndipo limapsa mochedwa, la pakati seco ndi la fungo, la mmunsi volado ndi lomwe limathandiza moto kuyenda. Mwana wa mlimi izi sizivuta kumva, ifenso tinkadziwa kuti masamba a pansi ndi a kunsonga si amodzi.

Ndiyambe ndi a ku Cuba. Fodya wawo wotchuka amachokera ku Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, ndipo cigar yense wa kumeneko, mkati ndi kunja, ndi tsamba la ku Cuba lokhalokha. Maina ndi akale zedi, Partagás ndi wa 1845, Romeo y Julieta 1875, Montecristo 1935, pomwe Cohiba anayamba mu 1966 ngati wa Fidel Castro ndi alendo a boma ndipo anthu wamba anayamba kugula mu 1982. Omwe ndasuta kangapo ndi Montecristo No. 4, wowonda uja wa ring 42, ndi Partagás Serie D No. 4 wonenepa wa ring 50. Nambala ya ring ikutanthauza kunenepa kwake, inchi imodzi amaigawa pa 64, nde 50 ndi wonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wogwira khasu.

Wa ku Cuba akakhala kuti ali bwino, anzanga, palibe wofanana naye. Pali kafungo kena ngati ka dothi mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, kosakanikirana ndi udzu wouma ndi kamchere pang'ono pa milomo, ndipo kakomedwe kamasintha mukamatsika, poyamba kofewa, pakati nkuyamba kulemera. Serie D ina ndinasuta pa khonde ku Chimaliro mu Julayi nkhungu itatseka phiri la Kaning'ina, mpaka lero ndimaikumbuka.

Koma pali mavuto atatu ndipo onse amatipweteka ife kuposa munthu wa ku London. Loyamba mtengo. Mu 2022 Habanos, kampani yomwe imagulitsa ma cigar a ku Cuba kunja, inakweza mitengo kwambiri makamaka ya Cohiba ndi Trinidad, ndiye kwacha yathu nayo inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukaphatikiza ziwirizi muona nokha. Lachiwiri, mwa omwe ndalandira, angapo anali othina mkati, ukukoka mpaka masaya kuwawa utsi osabwera, ndipo chinyezi cha kuno chimawonjezera chifukwa tsamba likamwa madzi limafufuma. Munthu amene ali ndi bokosi la 25 akapeza umodzi wothina amangotenga wina, koma iwe uli ndi asanu oti akufikitse chaka chamawa, umodzi ukakanika zimawawa mumtima. Lachitatu ndi ma feki.

Nkhani ya feki ndiikambe bwino chifukwa inandionekera. Munthu wina anabwera ndi bokosi la galasi pamwamba, mkati muli ma cigar asanu okhala ndi kalamba kachikasu ndi kakuda ka Cohiba, akuti achokera nawo ku Dar es Salaam, mtengo wake wotsika moti ndinagula awiri pompo. Woyamba unkanunkha ngati ukuwotcha zinyalala kuseri kwa nyumba ndipo unkapsa mbali imodzi. Wachiwiri ndinaung'amba ndi lezala pa tebulo. Mmalo mwa masamba aatali oyenda kuchokera kumutu mpaka kumapazi, munatuluka zinyenyeswa, timitsitsi ta tsamba, fumbi, ngati zomwe tinkasesa pansi pa chigafa tikatha kudinda mabelo. Dziwani kuti Cohiba weniweni sabwera mu bokosi la galasi pamwamba, ndipo wotchipa kulibe. Ngati mukufunadi wa ku Cuba, tumani munthu akagule mu shopu yovomerezeka ndipo abweretse risiti.

Tsono a ku Nicaragua, omwe pano ndi omwe adzaza kontena yanga yosungira ma cigar. Mbiri yawo imachokeranso ku Cuba komweko, boma la Castro litalanda minda ndi mafakitale alimi ambiri anathawa ndi luso lawo ndi mbewu, ndipo America italetsa katundu wa ku Cuba mu 1962 msika unatseguka kwa iwo. José Orlando Padrón anayambitsa kampani yake ku Miami mu 1964, kenako nkukakhazikika ku Estelí. Dothi la ku Estelí ndi lakuda ndipo limatulutsa tsamba lamphamvu, la ku Jalapa ndi lofewerapo komanso lotsekemera, palinso la ku Condega ndi la pa chilumba cha Ometepe pomwe pali mapiri ophulika moto.

Chomwe ndimawakondera ndi chakuti sakhumudwitsa. Padrón 2000 wa tsamba lakuda lija amati maduro ndasuta osachepera khumi, onse utsi umabwera bwino kungodula kumutu kokokera basi, moto umayenda mozungulira mofanana, phulusa loyera limagwira mpaka kutalika ngati chala osagwa. Kakomedwe kake ndi ka koko, khofi wokazinga kwambiri, ndi katsabola kumphuno. Wa 1964 Anniversary, wa makona anayi uja anatulutsa mu 1994 pokumbukira zaka 30, ndi wosalala kuposa apa koma mtengo wake umayandikira a ku Cuba, nde ine ndimamusiyira tsiku lalikulu. Oliva Serie V nayenso ndi wabwino zedi pa ndalama yake, kungoti ndi wolemera.

Kulemerako musakutenge mwachibwana. Mnzanga wina wa kuntchito anayatsa Serie V asanadye kanthu chidzukire, akukoka pafupipafupi ngati ndudu wamba, patangotha mphindi 20 thukuta linali kamukamu kunja kukuzizira, mutu ukuzungulira, anachita kugona pa mkeka ndipo tinamupatsa tiyi wa shuga wambiri kuti abwerere. A ku Nicaragua amafuna mutadya nsima kaye, ndipo muzikoka kamodzi pa mphindi, utsi uzithera mkamwa osaumeza. Ngati ndiwapezere chifukwa, ndi chakuti ambiri kakomedwe kawo kamakhala kamodzimodzi kuyambira poyamba mpaka kumapeto, alibe kuja kosinthasintha kwa wa ku Cuba wabwino, ndipo ena tsabola amachuluka mpaka kuphimba zina zonse.

A ku Dominican anthu amawaderera kuti ndi ofooka, a ongoyamba kumene. Mbali ina ndi zoona, ambiri ochokera ku Santiago m'chigwa cha Cibao ndi ofewa, ndipo Davidoff, yemwe anasamutsira ntchito yake kumeneko kuchoka ku Cuba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi wosalala ngati mkaka koma pa ndalama imeneyo ine ndimafuna kumva zambiri mkamwa. Koma si onse, banja la Arturo Fuente, lomwe linayamba mu 1912 ku Tampa, linatulutsa OpusX mu 1995 ndi tsamba lokutira lolimidwa ku Dominican komweko pomwe anthu ankati sizingatheke, ndipo ameneyo ndi wamphamvu ndithu, kungoti kumupeza ndi ntchito.

Wanga wa pamtima pa onsewa ndi kakang'ono ka Fuente komweko, Hemingway Short Story, kotalika mainchesi 4 okha, kosongoka kumapazi, koyatsira moto kuja. Tsamba lake lakunja ndi la ku Cameroon, la kuno ku Africa, ndipo ukaligwira umamva timatuza ting'onoting'ono ngati khungu la munthu wozizidwa. Ndi lotsekemera mwa mtundu wake, ngati mtedza wokazinga wothira kasinamoni. Loweruka mmawa ndi khofi wa Mzuzu wochokera ku Misuku, wopanda mkaka, theka la ola kapena kupitirira pang'ono watha, ndipo sukhala ndi chizungulire. Wa ku Nicaragua amaupondereza khofi wathuyu, koma uyu amayenda naye limodzi. Ndipo zimandikhudza ndikaganiza kuti tsamba lolimidwa ndi mlimi wamng'ono ngati bambo anga limawoloka nyanja nkukakutira cigar wodziwika dziko lonse. Vuto lake ndi loti tsambali ndi lopyapyala. Ndinatenga awiri mthumba la shati popita ku Karonga mu Okutobala, pofika madzulo kutentha kuja onse anali atang'ambika, tsamba likusendeka ngati khungu la anyezi. A ku Honduras, a ku Danlí, ndasuta awiri okha, anali a dothi kwambiri ndi okhakhala kukhosi kwanga, nde ndiwasiye pomwepo.

Kasungidwe nako nkofunika kukuyerekeza chifukwa kuno kumatha kuononga cigar wa mtundu uliwonse. Bokosi la thabwa la Spanish cedar ndi lokongola ndipo limapereka fungo labwino, koma limapuma, nde kuyambira Januwale mpaka mvula ya mawawa ya Meyi limamwa chinyezi cha mnyumba, pofika Okutobala nkuuma gwa. Langa linachita chuku mu Epulo, timadontho toyera ndi tobiriwira kumapazi kwa ma cigar atatu, ndipo chuku chikalowa mkati basi ndi kutaya. Pano ndimagwiritsa kontena ya pulasitiki yosungira chakudya, ija ya labala pa chivundikiro, yatsopano yosanunkha kanthu, mkati ndimaikamo kapaketi ka Boveda ka 65, komwe kamasunga chinyezi cha mkati pa 65 peresenti, ndi timatabwa ta cedar tochokera mu bokosi lakale. Mabuku ambiri amati 70 peresenti, koma kuno 65 ndi bwino, ndipo a ku Cuba ndimawatulutsa kukatsala tsiku limodzi kuti ndisute, nyengo youma, kuti apepukeko. Kuzizira kwa Mzuzu kumatithandiza pa chinthu chimodzi, tizilombo ta fodya tija timaboola timabowo ngati anankafumbwe mu chimanga timaswa kukatentha, nde inu a ku Nkhata Bay ndi Karonga samalani kuposa ife. Atsopano akafika ena amawaika mu thumba lotseka bwino nkuwasiya mu firiza masiku atatu, kenako tsiku limodzi mu firiji, koma chitani izi sabata yomwe magetsi sakuzimazima.

Chimodzi ndinene mosabisa, cigar ndi fodya basi. Ngakhale osameza utsi, chikonga chimalowa kudzera mkamwa, ndipo khansa ya mkamwa ndi ya pakhosi ilipo. Ine ndimasuta awiri kapena atatu pa mwezi, panja, ana ali kutali, ndipo amene simunayambe kusuta sindikukuitanani.

Nde alamu atandiimbira sabata yatha ndinawauza chonchi: Padrón 2000 maduro asanu, Short Story atatu koma awaike mu kabokosi kolimba osati mu chikwama cha zovala, mapaketi awiri a Boveda 65, ndipo ngati ndalama yatsalako Serie D No. 4 mmodzi yekha wa mu shopu yeniyeni, ameneyo ndidzamugoneka mu kontena mpaka Julayi nkhungu ikadzatsikanso pa Kaning'ina.