Vesiti ya GPS kapena lamba wa pachifuwa?

Timu ya mpira kuno ku Dedza ikafuna kuyeza osewera ake, iyambe kugula chiti?

Vesiti ya GPS, monga za Catapult ndi STATSports, imakhala ndi kachipangizo kumsana, pakati pa mapewa. Kamawerenga mtunda umene wosewera wathamanga, liwiro lake, ngakhale malo amene amakonda kuima m'bwalo. Kuyambira 2015 malamulo a mpira amalola kuvala zimenezi pamasewero. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Lamba wa pachifuwa, ngati Polar H10, ntchito yake ndi kumva kugunda kwa mtima. Ndi wotsikirapo mtengo. M'mawa wa mu Juni, chisanu chikaumitsa khungu, muyambe mwamunyowetsa ndi madzi, apo ayi sawerenga bwino.

Ine ndingayambe ndi malamba. Wothamanga ndi waulesi mphunzitsi amawaona yekha pa Dedza Stadium, koma mnyamata amene mtima wake ukuchedwa kutsika akamaliza kuthamanga sangamudziwe popanda chida.