Rozi wa Redouté kapena wa Parsons?

Mukafuna zithunzi zakale za maluwa a rozi, dzina loyamba kumveka ndi Pierre-Joseph Redouté. Buku lake, Les Roses, linatuluka ku Paris m'magawo atatu kuyambira 1817 mpaka 1824, lili ndi zithunzi pafupifupi 170, ndipo mawu ofotokoza analemba ndi Claude-Antoine Thory. Redouté anajambulirapo Joséphine, mkazi wa Napoléon, mfumu ya France, maluwa a m'munda wake ku Malmaison, pafupi ndi Paris, koma mayiyo anamwalira mu 1814 bukuli lisanatuluke.

Chinsinsi chake chili pa kasindikizidwe. M'malo mokanda mizere, amisiri ankadinda timadontho ting'onoting'ono pachitsulo, kenaka n'kumalizitsa ndi utoto pamanja. N'chifukwa chake duwa limaoneka lofewa, lonyowa, ngati mwalithyola kumene m'mamawa. Vuto n'lakuti Redouté ankakonda duwa lokongoletsa munda, lonenepa, lopanda chilema.

Alfred Parsons, Mngelezi, anajambula zithunzi za buku la Ellen Willmott, The Genus Rosa, lomwe linasindikizidwa pakati pa 1910 ndi 1914. Chidwi cha Willmott chinali pa rozi wakutchire, wa masamba a duwa asanu, minga ndi zipatso zake zofiira. Zithunzizo n'zodekha, sizikopa diso msanga, ndipo bukulo silinagulidwe kwenikweni.

Kwa ine, chopachika pakhoma ndi Redouté. Koma ndikafuna kuzindikira chitsamba cha rozi chomera chokha m'mphepete mwa msewu ku England, nditsegula Parsons.